Mwana wandifunsa chifukwa chake agogo ake salalikira Lamulungu, ndimuyankhe chiyani?

Make Mapasa

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Sabata yatha tinali kumudzi kukaona amayi anga. Loweruka usiku kunagwa chimvula, mtsinje unadzaza, moti abusa analephera kuwoloka. Tinayimba mpaka nyimbo kutithera, kenaka akulu ampingo anatuluka kukanong'onezana pansi pa mtengo wa mango. Pobwera anauza mnyamata wina wazaka 23, wongobatizidwa chaka chatha, kuti atidyetse Mawu. Mwanayo thukuta linali kamukamu, Baibulo likunjenjemera m'manja. Sindikumunena ayi, anayesetsa.

Koma amayi anga anali momwemo, atakhala phee pamphasa kumbali ya amayi. Ali ndi zaka 68, ndipo 40 mwa zimenezo athera m'gulu la amayi. Baibulo lawo chikuto chinatha, anachita kulisokera kansalu ka chitenje, ndipo m'mphepete mwa masamba muli zolemba za pensulo zokhazokha. Lachinayi lililonse amaphunzitsa amayi anzawo. Pamaliro, oyambitsa nyimbo usiku wonse ndi iwo, osambitsa thupi ndi iwo. Madzi oumbira njerwa za tchalitchi chomwecho anasenza pamutu pawo.

Tikubwerera, mwana wanga wamkazi wazaka 12 anandifunsa kuti, "Bwanji sanawauze agogo?" Ndinati ndi mwambo wa mpingo wathu. Iye anati, "Ndiye kuti Mulungu amayankhula ndi agogo Lachinayi lokha?" Ndinasowa chonena. Mpingo wanga ndimaukonda ndipo sindikufuna kuutuluka, komanso sindikufuna kumunamiza mwana. Ndimuuze chiyani?

Mkulu wa mpingo wopuma

Mayi, funso la mwanayo ndi lolemera. Ine ndatumikira zaka 26, ndipo ndimaima pa 1 Timoteo 2:11-12 ndi 1 Akorinto 14:34, pamene Paulo sakulola mkazi kuphunzitsa kapena kulamulira mwamuna mumsonkhano. Kusiyana kwa ntchito si kunyoza. Anzathu a Katolika nawonso anatsindika mu 1994, kudzera mwa Papa John Paul II, kuti unsembe ndi wa amuna okha, koma palibe anganene kuti salemekeza Mariya.

Komabe akulu aja analakwitsa. Kalata yomweyo ya 1 Timoteo, pa 3:6, imachenjeza za kupatsa udindo munthu wongotembenuka kumene. Vesi limodzi analigwira, linalo analilumpha. Bwenzi mmodzi wa iwo ataimirira yekha. Ndipo ndivomere, popanda amayi ngati amayi anuwo, mipingo yambiri ya kumudzi bwenzi titatseka kalekale.

Nachisale wa ku Zomba

Bambo, ndi ulemu wonse, Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 11:5 akulangiza mmene mkazi azionekera popemphera ndi ponenera. Anganenere bwanji munthu amene watsekedwa pakamwa? Pa Aroma 16 akuyamba ndi Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya. Pa Machitidwe 18:26, Priskila ndi mwamuna wake Akula anamutenga Apolo, mlaliki wodziwa Malemba, n'kumuwongolera. Buku la chilamulo litapezeka m'Kachisi masiku a mfumu Yosiya, wansembe wamkulu anapita kukafunsa kwa Hulida, mkazi. Ndipo uthenga wa kuuka kwa Ambuye, umene tonse timadalira, woyamba kutumidwa nawo anali Mariya wa Magadala. Ine ndimawerenga mavesi anu aja ngati malangizo a mavuto a ku Efeso ndi ku Korinto, osati loko wa mibadwo yonse.

Make Mapasa, muuzeninso mwanayo kuti funso lake si lachilendo, ndipo si la azungu monga ena amanenera. Mu 1989 amayi ophunzira zaumulungu a muno mu Africa anakumana ku Accra, motsogozedwa ndi Mercy Amba Oduyoye wa ku Ghana, n'kuyambitsa bungwe lawo lofufuza nkhani zomwezi. Mmalawi mnzathu Isabel Apawo Phiri anadzalitsogoleranso, ndipo anafika pokhala mmodzi wa akuluakulu a World Council of Churches, bungwe la mipingo ya padziko lonse, ku Geneva. Kuno kwathu, mu 1995 amayi ogwira ntchito mu sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP anayenda ndawala kukapereka madandaulo awo, nkhani ya ubusa ili momwemo. Ananyozedwa, koma mu 2000 sinodi ya Livingstonia inadzoza Martha Mwale kukhala m'busa, ndipo Blantyre inatsatira posakhalitsa. Tchalitchi sizinagwe.

Chimene chimandipweteka n'chakuti makolo athu Achewa, uthenga usanafike, ankapita ku Msinja kwa Makewana kukapempha mvula. Mkazi kutsogolera zauzimu sichinali chodabwitsa kwa iwo. Lero tikuti "mwambo wathu", koma ndi mwambo wa yani?

Mayi wamasiye, Ndirande

Ine za Chigiriki sindidziwa, ndinena zimene zinandionekera. Pachilangizo changa anandiwerengera Aefeso 5:22, zoti ndizigonjera, ndipo anandiuza kuti banja ndi kupirira. Vesi 21, loti tizigonjerana, ndinadzaliona ndekha nditabereka kale ana atatu. Bambo atamwalira, achibale awo anabwera ndi lole maliro asanathe n'komwe, anatenga mpaka makina anga osokera. Ndinakadandaula kumpingo. M'chipindamo munali amuna asanu ndi awiri, mkazi ndinali ndekha. Anati ndi nkhani ya pachibale, tikakambirane kumudzi. Anandithandiza ndi mayi wina wa m'gulu lathu, amene anandiuza kuti lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu, ndipo anandiperekeza yekha kuboma. Makinawo anabwera.

Ndiye kwa ine nkhani si guwa lokha. Mukanakhala mayi mmodzi m'chipinda chija, wokhala ndi mawu osati wobweretsa tiyi, sindikanatuluka ndikulira chomwe chija.

Make Mapasa

Zikomo nonse, ndipo inu bambo zikomo poyankha mosabisa. Amayi a ku Ndirande, pepani, nkhani yanu yandikhudza kwambiri.

Dzulo madzulo ndinawaimbira amayi. Poyamba anazemba, amvekere, "Iwe, zisiye, Mulungu amaona." Nditakakamira anakhala chete kanthawi, kenaka anati ataona mtsinje m'mawa uja anadziwiratu kuti abusa safika, ndipo Mawu anali nawo kale mumtima: Luka 13, za mayi uja anapindika msana zaka 18, amene Yesu anamuitana m'sunagoge pa Sabata n'kumuwongola, mkulu wa sunagoge akukwiya. Anati anawasunga mpaka Lachinayi, ndipo anawapereka kwa amayi 14.

Ndamuwerengera mwana mavesi onse, a bambowa ndi a Nachisale omwe, ndipo ndamuuza kuti ine ndikuona kuti agogo ake anayenera kuimirira tsiku lija. Wapempha kuti holide ikubwerayi apite kumudzi, akakhale nawo Lachinayi. Msonkhano wa mpingo wathu kuno uliko mwezi wamawa, ndipo dzina langa ndalembetsa kale pa ofuna kuyankhula.