Zayenda bwanji pa nkhani ya bambo anga ndi khansa ya m'mimba

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati kuyeza magazi kungaonetse msanga khansa ya m'mimba, poti bambo ankaonda komanso kukhuta atangodya pang'ono.

Ndinatsatira malangizo a mayi aja amene anati tisadalire CEA ndi CA 19-9, zizindikiro za khansa zimene amayeza m'magazi. Adokotala anavomereza: khansa ikangoyamba kumene, zimenezi nthawi zambiri sizikwera, ndipo zimathandiza kwambiri potsatira wodwala amene wayamba kale kulandira chithandizo. Kuyeza m'magazi pepsinogen (chinthu chimene chifu chimatulutsa), kumene wina anatchula kuti amachita ku Japan, kumangosonyeza amene ali pachiopsezo.

Magazi anangoonetsa kuti ndi ochepa m'thupi. Choncho anawalowetsa kachipangizo kokhala ndi kamera kudzera kukamwa, n'kutapa kamnofu kukapima. Khansa sanaipeze, tikuthokoza Mulungu. Anapeza chilonda ndi kachilombo ka H. pylori. Amwa maantibayotiki awiri ndi omeprazole (mankhwala ochepetsa asidi m'mimba) kwa masiku 14, ndipo pano nsima akumaliza mitanda iwiri.

Kwa amene mukayezetse kachilomboka pachimbudzi: omeprazole amatha kukabisa, ndiye funsani adokotala za kumusiya milungu iwiri musanayezetse. Ndipo chimbudzi chikakhala chakuda bii ngati phula, musadikire mawa, thamangirani kuchipatala.