Talktime ikutha munthu asanaimbe: ndani amayang'anira manambala afupiwa?

NaZulu, Kapata:
Abale, anthu ambiri kuno ku Chipata, makamaka okalamba, akudandaula kuti akaika talktime m'mawa, pofika madzulo yatha asanaimbire aliyense. Chimene amalandira ndi mauthenga a zigoli za mpira, mavesi, kapena kanyimbo kamene amamva wowaimbira. Kodi boma lili ndi mphamvu pa zimenezi? Nanga munthu angaziletse bwanji?

Banda, Katete:
Amai, mphamvu ilipo. Manambala afupi amene amatumiza mauthengawa ali m'manja mwa ZICTA, bungwe la boma la Zambia loyang'anira za mafoni, lokhazikitsidwa ndi lamulo la ICT la 2009. Nthawi zambiri mwini mauthengawo ndi kampani ina yapadera. Netiweki imangodula ndalama n'kugawana nayo. Munthu amalowamo podina OK pa kauthenga kotulukira mwadzidzidzi pa sikirini, podina batani kanyimbo kakulira, kapena mwana akamaseweretsa foni pa intaneti. Choipa chake n'chakuti kulembetsako kumadzibwereza kokha tsiku lililonse. Mukakhala mulibe ndalama kumadikira, mukangoika kumatenga. N'chifukwa chake kusiya foni yopanda talktime sabata yonse sikuthetsa kanthu.

Musafufute mauthengawo, ndiwo umboni. Lembani nambala yotumiza, tsiku, ndi ndalama yotsala poyang'ana pa *114# musanagone ndi podzuka. Imbani ku kampani yanu ya foni pa 111, muwauze akuwerengereni zonse zimene nambala yanu inalembetsa, azichotse zonse, osati chimodzi chokha. Pemphani reference number (nambala ya dandaulo lanu) musanadule foni. Zikakanika, imbani ZICTA pa 7070, ndi yaulere. Adzakufunsani ngati munayamba mwadandaula ku kampani yanu, ndipo wopanda reference uja amavutika kutsimikiza.

Mwale, Lundazi:
Ndiwonjezeko pa manambala oyankha okha, aja akuti "dinani 1, dinani 2". Ena amalipiritsa pa mphindi, ndipo amayamba kuwerenga makina akangoyankha, ngakhale mukungomvera malonje. Mlimi wofuna kumva mtengo wa soya amalipira kudikirako. Ine ndimaona kuti kubisa mtengo m'tizilembo ting'onoting'ono n'kunyenga anthu basi, ndipo nkhani yotero ingapitenso ku CCPC, bungwe la boma loona madandaulo a ogula, limene limagwiritsa ntchito lamulo loteteza ogula la 2010. Jambulani chilengezocho ndi foni musanadandaule.

NaZulu, Kapata:
Zikomo a Banda ndi a Mwale. Nanga nambala yachilendo imene imalira kamodzi n'kudula?

Banda, Katete:
Imeneyo musabwezere. Ikayamba ndi + koma osati +260, ndi yakunja, ndipo ofuna kuba amangodikira kuti muimbe, akusungeni pa foni ndalama zikupita. ZICTA siilamulira manambala a maiko ena, choncho kubwezeredwa ndalama n'kovuta. Ya +265 ndi ya ku Malawi, mwina ndi wachibale wa ku Mchinji. Mutumizireni uthenga kaye. Manambala akuno a anthu achinyengo anenezeni pa *707#.