Servo yachitatu yafanso, ndigule iti yosalowa madzi?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Boti langa la mpikisano, la batire loyendetsa ndi rimoti, landiferanso servo (kamakina kokhotetsa rudder, chiwongolero cha m'madzi chija) Lamulungu lapitali, yachitatu chaka chino chokha. Limathamanga bwinobwino, kufika pa kona yachiwiri ndakhotetsa rimoti, rudder osayankha, boti kungolunjika m'bango. Ndinachita kuvula nsapato n'kulowa m'matope anthu akuonerera, ena akujambula. Mavutowa anayamba nditabwereketsa botili kwa mlamu wanga, anabweza muli madzi osanena kanthu, mpaka lero tikungopatsana moni wa pakamwa. Mayi a kunyumba nawo akuti ndalama zikuthera pa zidole, ndiye ndikagulanso ina n'kufa, ine ndigona pakhonde. Amene anandigulitsa uja anati ndi yosalowa madzi, pa bokosi analembanso choncho, pano foni sakuyankha. Mpikisano watsala masabata awiri. Ndigule iti? Chonde osandinyoza, ndangoyamba kumene.

Mai a Tiya: Pepani achimwene. Botilo ndi lalitali bwanji, ndipo kapangidwe ka thupi lake ndi mono, cat kapena hydro? Batire ndi 3S, 4S kapena 6S, kutanthauza maselo angati? ESC yanu, kachipangizo kolamulira liwiro la mota kaja, ili ndi BEC yopatsa servo magetsi; imatulutsa mavoti angati? Popanda zimenezi aliyense angokuuzani ya m'boti lake.

Mkulu wa Mahydro: Ndanena kangati pa gulu lino kuti servo yosalowa madzi ndi nyambo ya otsatsa malonda? M'BOTI SIMUYENERA KULOWA MADZI, BASI. Ine ndathamangitsa maboti zaka zambirimbiri ndi servo wamba, sinandiferepo ndi imodzi yomwe chifukwa cha madzi. Matani chivundikiro ndi tepi mbali zonse zinayi, pukutani kaye pouma musanamate. Ana a masiku ano mukufuna kugula nzeru m'bokosi.

Propela Yopindika: Vuto si servo apa, vuto ndi mlamu kkkkk. Gulani mlamu wosalowa madzi.

Bambo a Junior: Akulu a Mahydro, tepi yanuyo imatseka pamwamba pokha. Nanga pamene kandodo ka rudder kamatulukira kumbuyo paja? Karabala kaja kakang'ambika madzi amalowera pomwepo, ndipo amayamba kunyowetsa servo yomweyo chifukwa ndi imene ili pafupi. Nanga m'chubu cha shafti mukapanda kuika girisi? Nanga timapaipi toziziritsa mota tikavuka? Cat yanga inagubuduzika pakati pa dziwe, inakhala chadodolido mphindi ngati 20 tisanaipeze. ESC inapita, risiva yolandira uthenga wa rimoti inapita, servo yokha ndi imene inapulumuka chifukwa inali yotsekedwa bwino.

Mkulu wa Mahydro: Ndiye mwavomera nokha kuti boti lanu ndi sefa. Kugubuduzika ndi kusadziwa kuyendetsa. Konzani kaye turn fin yanu, kachitsulo kogwira madzi pokhota kaja, muphunzire kuchepetsa liwiro polowa pa kona, kenako mubwere tikambirane.

Bambo a Junior: Inuyo simunagubuduzepo? Ndani uja ankasambira ndi jinzi mwezi watha?

Mkulu wa Mahydro: Inali mphepo imeneyo.

Wa Mawaya: Tiyeni tithandize munthu. Mawu oti yosalowa madzi aliyense angathe kulemba pa bokosi, inu yang'anani nambala ya IP. IP67 ndiye kuti inayesedwa kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30. Zongolembedwa kuti zimapirira madontho ndi za magalimoto odutsa pa chithaphwi, osati za boti. Madzi mu servo amalowera malo atatu: pa shafti pamene pamakhala nyanga (kamkono kokankha kandodo ka rudder), pamene waya amatulukira, ndi pa mizere yolumikizira chikhokho chake. Zabwino zimakhala ndi timphete ta rabala malo onsewo. Zodziwika ndi monga Savox SW-0231MG, ya digito, magiya achitsulo, mphamvu 15 kg pa 6V, liwiro masekondi 0.17. Palinso Hitec HS-646WP ya IP67. Koma samalani nyanga: shafti ya Savox ndi ya mano 25 ngati ma servo a Futaba, Hitec imeneyo ndi 24. Mukakakamiza nyanga yakale pa servo ya mano ena, ilowa ndithu, koma idzaterereka tsiku la mpikisano.

Kamnyamata ka 6S: 15 kg ndi ya agogo. Ikani HV, ya mavoti okwera, ya 35 kg muiwale.

Mai a Tiya: Ayi aise, osamusokoneza munthu. 35 kg yalembedwa pa bokosiyo nthawi zambiri ndi pa 7.4V kapena 8.4V. BEC yake ikakhala ya 6V sadzaiona mphamvu imeneyo. Chinanso, servo yaikulu ya digito ikakumana ndi katundu imakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, BEC yofooka imagwa, risiva n'kuzima kamphindi. Munthu amaona ngati servo yafa pomwe boti langosowa womvera. Ndipo ngati boti lake ndi laling'ono, malo ake ndi a mini servo, yaikuluyo ikalowa pati? Achimwene ofunsa, utali wa boti chonde.

Mkulu wa Mahydro: Apa pokha mayi mwanena zoona. Ine ndimaika batire lapadera la risiva, za BEC ndinasiya kalekale. Koma tepi ndiye poyambira.

Gogo Mafunde: Zandikumbutsa ine. Ndinakayesa mono yanga pa madzi amchere ulendo wina, kamodzi kokha. Kufika kunyumba ndinatopa, ndinangoliika pa shelefu osatsuka. Patatha sabata mapulagi onse abiriwira, waya wa servo ukungothothoka ukaugwira, ma bearing a mota akulira ngati chitseko chakale. Servo yake inali yosalowa madzi yomweyo, koma pulagi yake pa risiva ndi imene inadyeka. Chiyambire pamenepo ndimathira CorrosionX, mafuta oteteza dzimbiri, pa chilichonse, risiva, mapulagi, ngakhale m'kati mwa servo wamba. Mkazi wanga amati m'nyumba monse mukununkha, koma palibe chafa.

Propela Yopindika: Agogo mumathiranso mu tiyi eti?

Wolondera Gulu: Funso ili lafunsidwa kambirimbiri. Pali kabokosi kofufuzira pamwambapo, sikaluma. Komanso nkhani za alamu ndi za m'banja si za gulu lino.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Za mlamu ndinangofotokoza kuti mumvetse chiyambi chake, chifukwa ngakhale chaja yanga sanabweze. Botilo ndi lapakatikati, lofiira. Ndiye pa ziwiri zija ndigule iti?

Mai a Tiya: Lofiira. Ambuye.

Kamnyamata ka 6S: Ofiira amathamanga kwambiri, ikani 35 kg.

Mkulu wa Mahydro: Mwaona? Munthu sakudziwa utali wa boti lake koma akufuna mpikisano. Nthawi yathu umayamba wakhala chaka chathunthu ukutola maboti a anzako ndi bwato usanagwire rimoti. Umaphunzira kupaka girisi pa flex shaft yozungulitsa propela ukamaliza tsiku lililonse, kutsegula chivundikiro kuti muume, kuika siponji pansi. Pano aliyense ndi katswiri chifukwa waonera mavidiyo awiri pa YouTube. Ndipo inu a Junior ndikukudikirani Loweruka, tidzaone cat yanuyo ngati idzamalize maulendo asanu.

Bambo a Junior: Mubwere ndi jinzi ina yosinthira.

Wa Mawaya: Funso limodzi kwa ofunsa. Mukakhotetsa rimoti mpaka kumapeto boti lili pa tebulo, servo imalira kuti zzzz osasiya? Ngati imatero ndiye kuti rudder yafika pothera koma servo ikukankhabe. Imatentha m'kati mpaka kupsa, ngakhale itakhala yodula bwanji. Pa rimoti pali EPA yoikira malire a pamene servo ikhotere, chepetsani mbali zonse ziwiri mpaka kulirako kuthe. Boti lothamanga silifuna rudder yokhota kwambiri. Masulaninso kandodo muyendetse rudder ndi dzanja, izipita mofewa. Ikagunda chinthu m'madzi imapindika pang'ono n'kuyamba kulimba.

Membala wobisa dzina: Kulirako imalira ndithu, zonse zitatu zinkalira, ndimayesa ndi mmene zimakhalira. Ndatsegula yakufayo pompano, m'kati mouma gwa, dontho olo limodzi, koma mukununkha zopsa ndipo kabolodi kake kada mbali imodzi. Kodi n'kutheka kuti madzi anauma okha?

Mai a Tiya: Achimwene, musagule kanthu kaye. Jambulani ESC pamene alemba za BEC, mujambulenso rudder ndi kandodo kake, muponye pano. Ndipo tengani chingwe choyezera muyeze botilo.

Membala wobisa dzina: Choyezera chili kwa mlamu.

Mkulu wa Mahydro: Tepi ya pa chivundikiro ndiye muli nayo?