Poti yachiwiri pa NAS yanga yangokhala, ndiigwiritse ntchito bwanji?

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi NAS (makina osungira mafayilo pa netiweki) kunyumba momwe ndimasungira zithunzi za banja ndi mavidiyo amene ndimakonza. Kumbuyo kwake kuli mapoti awiri a Ethernet (polowera waya wa netiweki), onse a 1 gigabit. Imodzi ndinailumikiza ku switch (kachipangizo kolumikiza makina onse a m'nyumba pa netiweki), inayo chigulireni makinawa sinalowemo waya. Zimandiwawa kuiona ili chomwecho pamene kukopera mavidiyo kumanditengera nthawi yaitali. Liwiro limathera pa 110 MB pa sekondi, malire a waya wa gigabit.

Poyamba ndinkafuna kuphatikiza mapoti awiriwo kudzera mu LACP, njira yomanga mawaya angapo kuti agwire ntchito ngati umodzi, yomwe ili mu muyezo wa 802.3ad. Koma switch yanga ndi yawamba, sidziwa 802.3ad, ndipo ngakhale nditagula ina, fayilo yopita ku kompyuta imodzi imadutsabe pa waya umodzi. Phindu limaoneka anthu angapo akamakoka mafayilo nthawi imodzi, koma kuno wokoka zazikulu ndine ndekha.

Chimene chikundikopa ndi ichi: kompyuta yanga nayonso ili ndi mapoti awiri. Ndikuganiza zokokera waya wachiwiri molunjika kuchoka ku NAS kupita ku kompyutayo, mbali zonse ndizipatse IP (adiresi ya pa netiweki) yokhazikika, 10.0.0.1 ndi 10.0.0.2, pomwe netiweki ya m'nyumba ili pa 192.168.1.0.

Ndikayatsa SMB Multichannel (njira yotumizira mafayilo pa mawaya angapo nthawi imodzi) pa NAS, kodi Windows idzagawa fayilo imodzi pa mawaya onse awiri ngakhale ali pa ma subnet (magawo a netiweki) osiyana? Nanga pa waya wolunjikawo, gateway (adiresi yotulukira ku netiweki zina) ndiisiye yopanda kanthu? Amene munayesapo, liwiro linafika pati?