Buku la Sugarscape pa K95,000, ndigule?

Mlongo_wa_ku_Dedza: Anzanga, pa pulojekiti yanga ya masitazi ndikufuna kupanga tianthu ta pakompyuta, ma agent, toti tizisankha tokha woyenera kumukhulupirira pobwereketsana ndalama, ngati mu banki mkhonde. Wina akundigulitsa buku la Growing Artificial Societies la Epstein ndi Axtell pa K95,000, lofotokoza za Sugarscape, dziko la pakompyuta momwe tianthu totere timasakasaka shuga pa mapiri awiri. Ndigule?

Wopsa_Mtima: Musalipire musanaligwire m'manja, chemwali. Ine ndinatumiza K60,000 kwa wina wapaintaneti, patatha masabata asanu kunabwera fotokope, zithunzi zonse zili bii. Mapiri awiri a shuga aja osaoneka n'komwe, pomwe nkhani yonse yagona pamenepo. Mpaka lero foni yake siikupezeka.

Bwana_Joni: Langa ndi lenileni, ndinagula ku Johannesburg pa R350. Ndinalimaliza masiku atatu, Sugarscape yonse n'kuilembanso ndekha mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta.

Wopsa_Mtima: R350 buku la MIT Press? Munagula lakutha, akulu.

Chiphwanya: Bandulo yokha ikukwanira apa. Pulogalamu ya NetLogo, yopangira tianthu ta pakompyuta totere, ndi yaulere, ndipo mu Models Library, nkhokwe yake ya zitsanzo, muli kale Sugarscape ndi chitsanzo cha Schelling cha kusankhana malo okhala. Mungodina setup, kenako go, muone ochepa akulemera ambiri akusauka.

Bwana_Joni: Kudina go si kafukufuku.

Aphunzitsi_Opuma: Mwanawe, bukulo ndi labwino, la 1996, koma funso lako ndi lina. Kanthu ka mu Sugarscape kamayang'ana komwe kuli shuga wambiri, n'kuthamangirako, n'kudya. M'bukumo mulinso malonda a shuga ndi zokometsera, ngongole iliponso, koma sikakhala pansi n'kudzifunsa kuti ndikudalira yani, nanga iye akundifuna pa chiyani. Za kudaliranazi anazilemba Sichman, Conte, Castelfranchi ndi Demazeau mu 1994, potengera maganizo a akatswiri a chikhalidwe cha anthu oti mphamvu imachokera pa kudalirana. Mayi amene walephera kubweza mwezi uno gulu limamupirira chifukwa ndi amene ali ndi ngolo yotutira chimanga. Yambira pamenepo. Magazini ya JASSS, yofalitsa kafukufuku wamtunduwu, imawerengedwa ulere paintaneti.

Chiphwanya: Mwamva? Ulere.

Mlongo_wa_ku_Dedza: Zikomo aphunzitsi, za ngolozo zandikhudza, kwathu zimachitikadi. Koma amene akuyang'anira pulojekiti yanga anatchula bukuli kawiri konse. Wogulitsa watsitsa, akuti K80,000.

Wopsa_Mtima: Auzeni atumize kaye chithunzi cha tsamba la mapiri aja.

Bwana_Joni: Langa sindibwereketsa, musandifunse.