Wolemba akuti anakumana ndi yogi wosadya: bukuli tilikonze bwanji?

Mkonzi wa mabuku: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Patebulo pali zolemba za munthu amene akusimba ulendo wake wa ku India. Akuti ku Rishikesh anacheza ndi yogi (munthu wodzipereka pa zauzimu ndi kusinkhasinkha) amene sadya chilichonse, komanso anamva za wina wa zaka zoposa 200. Osindikiza akufuna lituluke ngati nkhani yoona. Zozizwitsazi tizichotse?

Wofufuza zolembedwa: Musachotse kaye, bambo. Tengani zolembera za mitundu itatu. Chobiriwira mulembe zimene zingatsimikizike: masiku, malo, sitima, dzina la ashram (malo okhala ndi kuphunzirira zauzimu). Chachikasu, zimene mwiniwake anaona ndi maso. Chofiira, zimene anachita kuuzidwa. Ntchito iyambire pa zobiriwirazo.

Mupempheni pasipoti muone zidindo ndi viza. Zithunzi atumize ngati document, chifukwa zikadutsa pa WhatsApp mwachizolowezi tsiku lojambulira limafufutika mkati mwa fayilo. Akatchula Kumbh Mela, mwambo waukulu wa Ahindu wosamba mumtsinje, onani chaka: ku Haridwar unachitika mu 2010 ndi 2021, ku Prayagraj mu 2013 ndi 2025. Mayina a mizinda nawonso amaulula. Allahabad inasanduka Prayagraj mu 2018, ndiye munthu sangawerenge dzina latsopanolo pa chikwangwani cha siteshoni mu 2013. Zobiriwira zikayamba kugwa, zachikasu musazikhulupirirenso msanga.

Mkonzi wamkulu: Ndikugwirizana nazo. Amene anapewa ntchito imeneyi anapsa nazo. Buku la The Third Eye linatuluka ku London mu 1956 ngati mbiri ya lama (mphunzitsi wa chipembedzo cha Chibuda) wa ku Tibet, Lobsang Rampa. Pofika 1958 zinadziwika kuti wolemba anali Cyril Hoskin wa ku Devon, yemwe anali asanapondeko ku Tibet. Akatswiri ena anali atachenjeza kale bukulo lisanasindikizidwe.

Koma za yogi wosadyayo, mkonzi sangazitsimikize ndipo sangazitsutse ali pa desiki. Chimene angakonze ndi chiganizo. "Sanadye zaka makumi atatu" ndi chigamulo cha buku. "Anandiuza kuti sanadye zaka makumi atatu, ndipo masiku anayi amene ndinakhala naye sindinamuone akudya" ndi umboni wa munthu mmodzi, wokhala ndi malire ake. Mufunseni wolembayo: anakhala naye masiku angati, usiku ankagona kuti, anamasulira ndani? Ngakhale Prahlad Jani, yogi wina wonena kuti sadya, amene madokotala anamuyang'anira ku Ahmedabad masiku 10 mu 2003 ndi masiku 15 mu 2010, nkhani yake akatswiri akukanganabe nayo. Nanji kucheza kwa masana amodzi.

Womasulira: Funso la womasuliralo ndi lalikulu, amayi. Ngati yogiyo ankalankhula Chihindi, ndiye kuti mawu onse ali m'mikodolamawu (zizindikiro zogwira mawu a munthu) anadutsa pakamwa pa munthu wachitatu, kenako m'chikumbumtima cha wolemba. Popanda tepi kapena kope la tsiku lomwelo, chotsani mikodolamawuyo, kapena muike mawu kumayambiriro onena kuti zokambirana zalembedwa mokumbukira.

Samalaninso maudindo. Swami ndi amene anachita malumbiro osiya banja ndi chuma. Yogi angathe kukhala wapabanja: Lahiri Mahasaya wa ku Varanasi, amene anamwalira mu 1895, anali ndi mkazi ndi ana, ankagwira ntchito yowerengera ndalama m'boma. Kumulemba swami n'kulakwa. Ndipo chonde mawu akuti yogi musawasandutse sing'anga kapena mneneri. Asiyeni momwemo, muwafotokoze kamodzi.

Mkonzi wa mabuku: Zikomo. Palinso pena pomwe akugwira mawu a Yogananda, yogi amene analemba buku la mbiri ya moyo wake.

Wofufuza zolembedwa: Pamenepo funsani kuti watenga m'kope liti. Buku lakelo, Autobiography of a Yogi, linatuluka koyamba mu 1946, mutu wa 49 unawonjezedwa mu 1951, ndipo Yogananda atamwalira mu 1952 a bungwe lake la Self-Realization Fellowship anapitiriza kusintha zina. Ngakhale dzina lake laulemu linachoka pa Paramhansa n'kukhala Paramahansa. Ikani kope la 1946 pambali pa limene wolemba anagwiritsa ntchito, muyerekeze liwu ndi liwu, ndipo mutchule chaka cha kopelo.

Mkonzi wamkulu: Wa zaka 200 uja ndi wofiira, bambo. Alembe amene anamuuza, malo ndi tsiku. Akakana kutchula gwero, ndimeyo ichoke, kapena auzeni osindikiza kuti pachikuto asalembepo kuti ndi nkhani yoona.