Thandizeni: kaundula mmodzi wa mijigo pa intaneti, tiyambire pati?

Wofunsa: Moni akuluakulu nonse. Kuno kwa T/A Chitukula ndi Malili, mabungwe okumba mijigo, alangizi a zaumoyo ndi mamekaniki aliyense ali ndi mndandanda wakewake. Mjigo umodzi umapezeka katatu, wina sunalembedwe n'komwe. Tikufuna malo amodzi pa intaneti oti tonse tizilembapo. Kodi tipeze katswiri wa makompyuta atipangire, kapena titani?

Woyankha woyamba: Bambo, musathamangire kupanga chatsopano. Pulogalamu ya mWater, yolembera malo otungapo madzi pa mapu, ndi yaulere, imagwira pa foni ya Android ngakhale kulibe netiweki, ndipo mijigo yambiri ya m'dziko muno inalembedwamo kale. Yambani mwafika ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo ya Lilongwe, muone zomwe zilipo. Vuto lanu lalikulu ndi maina. Wina alemba "mjigo wa pasukulu", wina dzina la mfumu, wina dzina la bungwe lomwe linakumba. Mjigo uliwonse ukhale ndi nambala imodzi yosasintha, ndipo ilembedwe ndi penti pa simenti ya mjigowo. Asanawonjezere watsopano, aziyamba aona pa mapu ngati palibe wina pafupi.

Woyankha wachiwiri: Ndiwonjezepo za GPS. Nonse mugwiritse njira imodzi yoyezera malo pa mapu, yotchedwa WGS84. Mapu akale a boma anatsata njira ina yotchedwa Arc 1950, ndiye mukasakaniza, mjigo umasuntha mamita mazana angapo n'kuoneka ngati iwiri. Pa manambala a GPS, Lilongwe ali cha pa -13.9 ndi 33.7, wolemba pamanja akaiwala kachizindikiro ka minus, mjigo wanu ukapezeka ku Sudan. Foni izitenga yokha manambalawa, munthu ataima pa mjigo penipeni, adikire mpaka kulondola kwake kufike mamita 10 kapena kucheperapo.

Woyankha wachitatu: Funso loti "ukugwira kapena ayi" silithandiza mekaniki, achimwene. Pampu ya mtundu wa Afridev imatha kutulutsa madzi U-seal (rabala yokwezera madzi mu paipi) itatha kale. Fomu ifunse mphindi zomwe ndowa ya malita 20 imatenga kuti idzaze, komanso kuti m'mawa amapopa kangati madzi asanatuluke. Akachulukitsa kupopa, ndiye kuti foot valve (chotsekera cha pansi choletsa madzi kubwerera) kapena mapaipi akudontha. Tsiku loyendera lisasowe ndithu. Mjigo wolembedwa mu Malichi kuti uli bwino ukhoza kukhala utaphwa mu Okutobala, choncho muziyendera kawiri pachaka, ulendo umodzi m'chilimwe chenicheni.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga aliyense aloledwe kusintha zolembedwa?

Woyankha woyamba: Ayi bambo. Alangizi ndi mamekaniki azitumiza, koma wovomereza akhale mmodzi wa ku ofesi ya zamadzi, ndipo zakale zisafufutidwe, zatsopano zizingowonjezeka pamwamba. Manambala a foni a komiti ya mjigo asaonekere kwa anthu onse. Ndalama ya bandulo ndi mafuta a njinga yamoto muiike mu bajeti ya chaka chilichonse, chifukwa pulojekiti ikatha, woyendera mijigo sakhalanso ndi choyendera.